Magazi a Vincent Chin

Usiku uno mtima wanga wabwerera ku dera la mzinda wa Detroit, m'dziko la Amereka, kumene mu Juni 1982 mnyamata wa fuko la Atchaina, Vincent Chin, atangotsala masiku owerengeka kuti amange ukwati, anakanthidwa ndi chibonga cha masewero a baseball namwalira patapita masiku anayi, popeza amuna awiri a m'mafakitale a galimoto anamuyesa Mjapani, namsenzetsa mlandu wa kutha kwa ntchito kwawoko. Woweruza anawalipiritsa madola 3,000 aliyense osawatumiza kundende, ndipo mayi ake, Lily Chin, anayenda m'mizinda yambiri akulirira chilungamo.

Mliri wa Covid-19 utabuka, chidani chomwecho chinadzukanso, kotero kuti nkhalamba zachitchaina zinatukwanidwa ndi kugwetsedwa m'misewu ngati kuti ndizo zinalenga nthendayo. Ife amene abale athu anathawa moto wa odana ndi alendo ku Joni mu 2008 tikudziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Abale anga okhala kunjako, mukaona Mtchaina akunyozedwa m'basi, musagwetse nkhope pansi. Khalani pambali pake, mumperekeze, ndipo akafuna mboni kupolisi, muimirire.