Matanga pa Damu la ku Malingunde

Anthu ambiri okhala ku Area 36 amaudziŵa mtsinje wa Lilongwe pa mlatho wa m'tauni pokha, pamene madzi ake amaoneka ofiira ndi aulesi, atazingidwa ndi misika mbali zonse ziŵiri. Ndi oŵerengeka amene anaonapo kumene mtsinjewu umachokera, kapena kudzifunsa kuti madzi otuluka pa mpopi amayenda ulendo wotani asanagwere m'ndowa. Tikaŵauza anzathu kuti pa mtsinje womwewu pali malo pamene anthu amayendetsa mabwato ndi mphepo yokha, popanda injini kapena nkhafi, amatiyang'ana ngati tikusimba nthano. Komatu malowo alipo, ndipo sali kutali. Ndi pa Kamuzu Dam, ku Malingunde, kum'mwera chakumadzulo kwa mzinda, pamene pali kalabu yotchedwa Lilongwe Sailing Club. Tinapitako Loŵeruka lina m'nyengo yachisanu, ife makolo angapo pamodzi ndi anyamata ndi atsikana a m'dera lathu.

Pochoka kwathu tinatsata mseu waukulu wa M1, kudutsa ku Biwi kufikira m'tauni yakale, ndipo titaoloka mlatho tinakhotera mu mseu wa ku Likuni. M'mbali mwa mseu umenewu, ku Area 3, ndiko kuli likulu la Lilongwe Water Board ndi malo oyeretserako madzi. Bungweli linayamba m'chaka cha 1947, Lilongwe akali kaboma kakang'ono ka masitolo oŵerengeka ndi alimi a fodya. Likulu la dziko linasamukira kuno kuchoka ku Zomba m'chaka cha 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzindamu munali anthu 989,318. Ochuluka mwa anthu ameneŵa amamwa mtsinje umodzi womwewu.

Titapitirira Chinsapo ndi Likuni, nyumba zothithikana zinatha, ndipo tinaloŵa m'dziko la minda, mapesi ali mbwee, ngolo za ng'ombe zikukwaŵa m'mphepete mwa njira. Dzina la Malingunde si lachilendo kwa oŵerenga athu, pakuti mishoni ya kumeneko ndi yakale, ya m'chaka cha 1907, ndipo kuli sukulu ya ana osaona. Koma ana athu ena anali asanalimvepo n'komwe.

Madamu alipo aŵiri, lina kumtunda, lina kumunsi kwake. Loyamba linamangidwa m'chaka cha 1966, lachiŵiri m'chaka cha 1989, ndipo khoma la lachiŵirili analikweza m'chaka cha 1999. Chitapita chilala cha 2016, chimene chinachititsa kuti madzi aziperekedwa mosinthanasinthana m'madera a mumzinda, khoma la damu loyamba lija nalonso analikweza ndi mamita 7. Chimene chinadabwitsa ana athu n'chakuti madzi satengedwa ndi mipope kuchokera pa damupo. Amatsegulidwa pang'onopang'ono, natsika ndi mtsinje ulendo wa makilomita pafupifupi 20 kufikira pamalo opopera ku Area 3. Tsono chilichonse chimene munthu ataya mumtsinje m'chigawo chimenecho chimapita kukakumana ndi oyeretsa madzi, ndipo mtengo woyeretsera umafika kwa ife pa bilu.

Munthu akamva za kalabu ya mabwato amaganiza za anthu okhala pamthunzi, akuonerera madzi. Ife tinafika nthaŵi ya m'maŵa, mphepo isanadzuke, ndipo amene tinaŵapeza anali pantchito. Bambo wina wachikulire anali atagwada pambali pa bwato lovundikiridwa, akulipala ndi sandipepa. Mayi wina anayala thanga paudzu nalifufuza msoko ndi msoko, monga amachitira mayi poyang'ana chovala cha mwana wa sukulu. Anyamata aŵiri ankapopa tayala la kangolo kokokera mabwato, pamene wina ankatchetcha udzu pa njira yotsikira ku madzi. Anatilandira mwaulemu, koma sanaleke zimene ankachita, ndipo ife tinakondwera nazo zimenezo.

Bwato la matanga ndi chinthu chofuna kusamalidwa ngati chiŵeto. Dzuŵa la kuno limadya nsalu ya thanga ndi ulusi wake, kotero kuti thanga losiyidwa pamtetete miyezi ingapo limang'ambika mphepo ikangolimba. Zingwe zimaperepeseka pamene zikhudzana ndi chitsulo. Bwato la matabwa limavunda ngati madzi a mvula akhalitsa m'kati mwake, ndipo lopangidwa ndi fibreglass limachita ming'alu yaing'ono imene munthu saiona kufikira tsiku limene bwato liyamba kulemera. Makoswe amaboola matanga osungidwa, mavu namanga zisa m'makona. Ngakhale gombe lenilenilo silikhala pamodzimodzi: damu ndi nkhokwe ya madzi a mzinda, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala madzi akatsika, gombe limathaŵira kutali, kusiya matope amene munthu ayenera kukokamo bwato. Zonsezi sizidikira kuti papezeke ndalama zolembera waganyu. Bambo wa sandipepa uja anatiuza kuti bwato siliwonongeka tsiku limodzi, koma kuti kabowo kamene ukanatseka ndi chala lero kamadzafuna mmisiri ndi matabwa atsopano chaka chamaŵa.

Tinafunsa kuti amaŵalipira ndani. Anaseka, natiuza kuti ali yense ali ndi ntchito yake m'tauni kuyambira Lolemba, ndipo kuti pano malipiro ake ndi kupeza bwato lili bwino pamene ufuna kuloŵa m'madzi. Amene amakhala pamtunda kuyang'ana nthaŵi ndi kuimba wezulo pa mpikisano ndi mnzawo amene wadzimana kuyenda pamadzi tsiku limenelo. Chimodzimodzinso amene amakhala tcheru m'bwato lopulumutsira anthu. Loŵeruka lina amasinthana.

Chakumasana mphepo inayamba kuomba, ndipo matanga anakwezedwa pa milongoti. Apa ndi pamene mafunso a ana athu anachuluka, ndipo funso lalikulu linali limene aliyense amafunsa: bwato likapita kumene mphepo ikuloza, nanga libwerera bwanji? Yankho lake n'lokoma. Bwato silingathe kulunjika kumene mphepo ikuchokera, koma likhoza kuyenda chopingasa, likuyandikira pang'onopang'ono, kenaka n'kutembenukira mbali ina, monga amachitira munthu wosenza katundu pokwera phiri, amene salunjika pamwamba koma amakhotakhota. Thanga likakokedwa bwino limachita chimimba, ndipo mphepo yodutsa pamenepo imalikoka monga imanyamulira phiko la mbalame. Pakati pa bwato pali thabwa lalitali, lopyapyala, limene amalitsitsira m'madzi. Thabwa limeneli limaletsa bwato kutsetsereka cham'mbali, kotero kuti mphamvu ya mphepo ilibe kwina kopita koma kulikankhira kutsogolo. Kumbuyo kuli tsigiro, limene chigwiriro chake umachikankhira kumanzere pofuna kuti bwato likhotere kumanja. Mtsikana wathu wina wa Fomu 2, amene anamtenga m'bwato atamveka jekete yoyandamitsa, anati chimenechi ndicho chinamzunguza mutu koposa zonse, pamodzi ndi mtanda wa m'munsi mwa thanga umene umadutsa pamutu potembenuka, wosaŵerama n'kumugogoda.

Bwato lina linagubuduka ife tikuona. Amayi amene tinali nawo anakuwa, koma eni malo sanatekeseke. Anthu aŵiri a m'bwatomo anasambira nazungulira, mmodzi anakwera pa thabwa lija limene tsopano linali litatulukira kunja, nalitsamira ndi thupi lake lonse, ndipo bwato linadzuka, thanga likuchucha madzi. Anatiuza kuti wophunzira aliyense amamgubuduzira dala pa masiku oyamba, kuti mantha aŵathere pafupi ndi gombe.

Pamenepa tinakhala chete kanthaŵi, chifukwa tinadziŵa kuti mwa ana onse amene tinabwera nawo, odziŵa kusambira anali aŵiri okha, ndipo onse aŵiri anakulira ku Salima. Mwana wa ku Area 36 amakumana ndi madzi ambiri nthaŵi ya dzinja yokha, m'makhwaŵa odzaza mwadzidzidzi ndi m'maenje okumbamo dothi la njerwa, ndipo amakumana nawo wopanda womuphunzitsa. Sitinaiŵale chaka cha 2017, pamene madzi osefukira anagwetsa nyumba ndi kutenga miyoyo ku Mtandire ndiponso ku Kaliyeka. Makolo ambiri timangoletsa kuti mwana asayandikire mtsinje. Kuletsako n'koyenera, makamaka pa damu lakuya ngati ili, koma mwana woletsedwa chabe akagwa m'madzi amamira chimodzimodzi.

Sitifuna kukunamizani kuti maseŵera ameneŵa ndi a munthu aliyense. Bwato, thanga ndi zitsulo zake zimachokera kunja, ndipo mtengo wake banja la kwathu silingaufikire. Ngakhale ulendo wokafika ku damu umafuna galimoto. Pa chifukwa chimenechi maseŵera a matanga m'dziko muno akhala a anthu opezako bwino ndi alendo ochokera maiko ena. Koma thanga lenilenilo si mlendo pa madzi a Malaŵi. Zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkaoloka nyanja ndi matanga m'zaka za m'ma 1800, zitanyamula minyanga ya njovu ndi akapolo, sitima ya nthunzi ya Ilala isanafike pa nyanjayo m'chaka cha 1875. Ndipo m'chaka cha 1984 unayamba mpikisano wa mabwato a matanga pa nyanja ya Malaŵi, ulendo wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Mangochi kuloza kumpoto, wochitika m'nyengo ya mwera. Woyenda pa mafunde a mwera amayamba waphunzira pa madzi odekha ngati a ku Malingunde.

Chimene tinachizindikira msanga, ngakhale mabwato anali achilendo, ndi kagwiridwe ka ntchito. Makolo athu anali ndi dima: mwini munda ankakonza thobwa kapena moŵa, anansi nabwera ndi makasu, ndipo maŵa lake ankapita kwa wina. Achikulire pakati pathu anakumbukiranso Sabata ya Achinyamata ya m'nthaŵi ya Dr Banda, pamene ana a sukulu ankaumba njerwa, kulambula miseu ndi kumanga milatho ya mitengo. Koma dima linali la nyengo yolima, ndipo Sabata ya Achinyamata inali lamulo lochokera kumwamba, kamodzi pa chaka. Kusamala chinthu chimene chinamangidwa kale ndi ntchito ya mtundu wina, yosatha ndiponso yosaoneka. Pa mwambo wotsegulira mjigo anthu amadzaza, nyimbo n'kumveka. Pa tsiku lothira girizi ndi kusintha mphira wake pamafika munthu mmodzi kapena osafika n'komwe. Ife a ku Area 36 tikudziŵa ngalande zathu zimene zimatsekeka chaka ndi chaka, aliyense akuti ndi za boma. Ku damu kuja sitinaone anthu a mtima wabwino koposa a kwathu ayi. Tinaona kuti ntchito ili yonse, ngakhale yaing'ono, inali ndi mwini wake wodziŵika ndi tsiku lake, ndipo kuti woyendetsa bwato lobooka ndi yemweyo amene ananyalanyaza kulimata. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene ali m'komiti ya madzi ya m'dera lawo, anafunsitsa za mmene amagaŵirana masiku, nazilemba kuseri kwa envulopu.

Munthu akaima pa gombe nayang'ana kum'mwera chakumadzulo, amaona mzere wobiriŵira wa mapiri a Dzalanyama, m'malire ndi dziko la Mozambique. Kumeneko ndiko mtsinje wa Lilongwe umabadwira, usanayende ulendo wake wodutsa mumzinda kukathira mu Linthipe ndi kukafika ku nyanja cha ku Salima. Nkhalango ya Dzalanyama inaikidwa kukhala yotetezedwa m'chaka cha 1922, ndipo kukula kwake kumaposa mahekitala 98,000. Mitengo yake ya tsamba ndi mombo imagwira madzi a mvula kuti aloŵe pansi ndi kutuluka pang'onopang'ono m'akasupe chaka chonse. Mitengoyo ikatha, mvula imathamanga pamwamba, nikokolola dothi, ndipo dothilo limakakhazikika pansi pa damu, kulanda malo a madzi. Kudula mitengo kootchera makala kunafika poipa kotero kuti m'chaka cha 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo. Oyendetsa mabwato amaona zotsatira zake ndi maso: madzi ofiira mvula yoyamba ikagwa, ndi thabwa la pansi pa bwato kukhudza matope pamalo pamene kale panali pakuya. Khoma la damu likhoza kukwezedwa, koma pansi pake napo pamakwera.

Mnyamata wina anafunsa kuti makalawo amagula ndani. Panalibe amene anafulumira kumuyankha, pakuti pafupifupi nyumba ili yonse ya kwathu ili ndi mbaula pakhonde, ndipo nsima ya m'maŵa umenewo tinaphikira pomwepo. Magetsi sanafike m'nyumba zambiri, gasi ndi wodula, ndipo wootcha makala naye ali ndi ana ofuna fizi.

Dzuŵa litapendeka mabwato anakokeredwa kumtunda. Anatsitsa matanga, naŵayanika kuti aume asanaŵapinde, anatsegula timaboo ta kumbuyo kuti madzi atuluke, navundikira bwato lililonse. Ana athu anathandiza kukankha tingolo, ndipo panalibe anadandaula za matope a m'miyendo. Pobwerera, tisanafike ku Likuni, tinayamba kupitirira njinga zonyamula makala, matumba atatu kapena anayi pa njinga imodzi, eni ake akuzikankha pa zitunda thukuta lili kamukamu. Ana anayamba kuziŵerenga mokweza, koma pofika ku Chinsapo kunali kutada, ndipo analeka.