Mau a Atate m'Mapoto Atatu

Atate anatisiyira zinthu zocepa: njinga, jekete la kwaya, ndi nyimbo imodzi. Nyimboyo ndinaijambula ndine pa foni mu 2022, iwo akuyeseza pakhonde pathu ku Kapata. Ndi ya mphindi zinai cabe, ndipo capakati pamamveka tambala wa aneba.

Mu September 2024, citakwana caka cimwalirire, amai anati pa mapemphero a cikumbutso anthu amve mau a atate. Ico cinali caka ca cilala, madzi atacepa ku Kariba. Malaiti anali kubwera pakati pa usiku ndi kucoka tisanadzuke. Sipika imene ndinabwereka inatha batire azimai akali kuyala mphasa. Ndinayesa kuliza pa foni yanga, koma mau anathera m'manja mwanga momwemo. Atsibweni, amene anapalasa njinga kucokera ku Mtenguleni, anangoti, "Kodi wayamba?"

Ndinamva manyazi oti sindidzawaiwala.

Msuweni wanga, amene amakonza mafoni pafupi ndi msika, anandikokera kuseri kwa nyumba. Anayatsa hotspot pa foni yanga, nalumikiza yake ndi ya mlongo wanga. Ndinamuuza kuti ndilibe bundle. Anaseka: "Sitipita pa intaneti, mafoni azikambirana okha-okha." Pa Xender anatitumizira app yochedwa SoundSeeder. Foni imodzi ndiyo imaliza nyimbo, zinazo zimasanduka masipika, zonse n'kumaimba pamodzi kudzera pa Wi-Fi. Xender ndinali kuidziwa kale, ndi mmene tonse timapatsirana nyimbo za Yo Maps mu komboni, koma izi zinali zacilendo.

Kenaka anapempha mapoto atatu opanda kanthu. Azakhali anamuyang'ana moipa, koma anapereka. Foni iliyonse inalowa mu poto wake: wina pakhonde, wina pansi pa mtengo wa mango, wacitatu pakati pa azimai.

Atate anayamba kuimba.

Foni ya mlongo wanga ndi yakale, ndiye inali kutsalira pang'ono. Msuweni anafuna kuikonza, ine ndinamugwira dzanja. Atate a pakhonde anali kutsogolera, atate a pansi pa mango kuvomera, monga mmene kwaya imacitira. Akanakhalapo akanakwiya, cifukwa sanali kulekerera munthu wocedwa kulowa nyimbo. Azimai anayamba kuthira mang'ombe, atsibweni anavula cipewa. Tambala uja atalira m'mapoto, amai anaseka misozi ili m'masaya.

Madzulo amenewo ndinatumiza nyimboyo kwa aliyense amene anali ndi foni ya touch, anthu khumi ndi awiri. Zaka ziwiri zonse ndinali kuisunga ndekha, pa foni yosweka galasi imene ikanagwera m'madzi tsiku lililonse.

Amai ali ndi kafoni ka mabatani. M'mawa mwake anandipatsa ndalama zomanga pa citenje nati, "Iwe, pita ukagule memory card. Atate ako uwaikemo."