Mthiko Utandikana

Matendawa anayamba ngati nthabwala. Munali mu Juni 2022, nthawi ija chisanu cha ku Lilongwe chimalowa mpaka m'bulangete, pamene ndinadzuka n'kupeza zala zanga zauma gwa ngati nkhuni. Mabatani a bulauzi anandikanika. Ndinaviika manja m'madzi ofunda, ndipo pofika 9 koloko, ndili pa desiki ku ntchito, zala zinali zitamasuka. Ndinati n'chisanu basi. Koma chisanu chinapita, dzuwa la Okutobala linafika, zala zanga osasintha. Mfundo zake zinayamba kutupa, dzanja lamanja ndi lamanzere mofanana ngati zachita kupangana.

Ndagwira ntchito m'boma zaka 19, ndipo ntchito yanga ndi ya manja: kulemba, kudinda chidindo, kusenza mafayilo. Kwa miyezi 7 ndinkangomwa Panado ndi Brufen mobisa. Kenaka dokotala wina anandipima magazi, n'kundigwiragwira mfundo imodziimodzi, nandiuza kuti ndili ndi rheumatoid arthritis.

Ife pa Chichewa zonse timangoti nyamakazi, ndipo apa ndi pamene panayambira mavuto anga ndi abale. Nyamakazi imene anthu amaidziwa ndi ya agogo, yobwera chifukwa mfundo zaperepeseka ndi zaka. Yangayi ndi ina. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo n'kulimbana ndi tizilombo, amasokonezeka n'kuyamba kuukira kachikopa kokuta mfundo mkati. Imagwira akazi ambiri kuposa amuna, ndipo siyembekezera imvi. Sichizika, koma ukaipeza msanga mankhwala amaigoneka pansi isanawononge mfundo, pakuti chala chikapindika chapindika. Anandipatsa methotrexate, womwa kamodzi pa sabata, osati tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi folic acid, ndi lamulo loti ndizikapimitsa magazi pafupipafupi kuti aone ngati chiwindi chili bwino. Anandichenjezanso kuti papita masabata angapo ndisanaone kusintha. Ndinasankha kumamwa Lachisanu usiku kuti mseru wake uzindipeza Loweruka, usadye nthawi ya boma.

Ndinabwerera kunyumba ndi mtima wopepuka, poti mdani ndinali nditamudziwa dzina. Ndinkayesa kuti abale nawo apepukidwa.

Bambo a kunyumba anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Koma inu mayi, dzulo madzulo si mumachapa bwinobwino?" Sananame. Matendawa ali ndi khalidwe loipa lomusandutsa munthu wabodza. M'mawa sungatsegule botolo la mafuta ophikira, madzulo ukufinya chitenje. Alibe bala loti ulozere munthu. Wodwala malungo amamufunditsa bulangete, wothyoka mwendo amamupatsa mpando m'minibasi, koma ine ndinkaoneka wonenepa bwino, wodzola mafuta, wopita ku ntchito.

Mayi anga, pa foni kuchokera kumudzi ku Dedza, sanazungulire. "Mwanawe, nyamakazi pa msinkhu wakowo? Ine ndi imvi zangazi khasu ndikugwira. Akuponyera ku ntchitoko amenewo, chifukwa cha kukwezedwa kuja. Bwera akutemere mphini." Mchimwene wanga yekha ndiye anafika pa chenicheni: "Achemwali, ndalama zikamangothera ku chipatala chonchi, feteleza wa amayi chaka chino atani?" Sindimuda. Kwathu wa pa ntchito ya boma ndine ndekha, ndipo malipiro anga amakhala atagawidwa kale asanalowe ku banki. Munthu amene wasanduka nkhokwe ya mbumba saloledwa kufumbwa.

Tsiku limene silichoka m'mutu mwanga ndi la maliro a amalume, mu 2023. Kunazizira monga kumazizirira ku Dedza. Amayi tinali kuseri pa mafuwa, mphika waukulu uli pa moto, phala likubwadamuka. Itakwana nthawi yotakasa, wina anandipatsa mthiko. Ndikanakana, koma ndinaopa pakamwa pa anthu. Ndinagwira ndi manja awiri, ndinakoka kamodzi, kawiri. Kachitatu ululu unalasa m'zala mpaka m'chigongono, mthiko n'kupulumuka kugwera pa phulusa. Mlamu wanga anautola, naupukuta pa chitenje chake, n'kunena mokweza kuti onse amve, "Asiyeni alamu, manja a mu ofesi amenewo. Anazolowera chidindo." Kuseka kunali kwapansipansi, poti tinali pa maliro. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kulira mpaka kukhuta. Amene anandiona anati ndinkawakonda kwambiri amalume.

Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona. Koma ine amene ndakhala m'maso usiku wonse chifukwa cha mafupa ndikudziwa kuti fupa losaola limapwetekabe.

Chichokere ku maliro kuja ndinaleka kudzifotokoza. Ndinaona kuti mphamvu zimene ndinkataya pochonderera anthu kuti andikhulupirire ndi zomwe ndinkazifuna kuti ndidzuke m'mawa. Malipiro akalowa, choyamba ndimapatula ya mankhwala ndi yopimitsira magazi, zotsalazo n'zimene ndimagawa. Mchimwene wanga anakhala miyezi iwiri osandiimbira foni, kenaka anaimba, nkhani ya matenda osaikhudza. Ku zochitika za kumudzi ndimapitabe, ndipo ndimapempha ntchito yosankha nyemba kapena yolemba mayina a opereka chipepeso. Cholembera changa ndinachikulunga ndi mphira kuti chinenepe, chisamavute kugwira. Nkhani inonso yalembedwa ndi chomwecho.

Bambo a kunyumba ndinawakoka tsiku lina kupita nawo kwa dokotala. Anakhala pakona, maso pa foni, ine n'kumadzitukwana mumtima kuti ndawabweretseranji. Tikudzuka kuti tizipita, anafunsa mwakachetechete, "Adokotala, ndiye kuti manjawa adzapindika?" Anayankhidwa kuti ngati ndipitiriza mankhwala, mwayi ulipo waukulu woti asapindike. Panjira sitinalankhule. Kupepesa sanapepese, ndipo sindikhulupirira kuti adzatero. Koma mabotolo a m'khitchini masiku ano ndimawapeza ali otsegula kale, zotsekera zangoikidwa pamwamba.

Mayi nawo sanagonje. Mwezi watha anatumizanso kamtolo ka mizu, komanga ndi luzi, kudzera kwa mnyamata wina wobwera ku tauni. Ndinawaimbira kuthokoza. Anafunsa ngati ndayamba kumwa, ine n'kufunsa za mbatata yawo ya kudimba. Kamtoloko kali pamwamba pa kabati, pambali pa tina titatu.