Saksofoni ya Malume

Kwathu ku Domasi, kunsi kwa phiri la Malosa, malume anga amasunga saksofoni pansi pa bedi. Anaphunzira kuiliza ali m'bandi ya asilikali ku Zomba, ndipo chipumireni ntchito amaitulutsa madzulo okhaokha. Nditawauza bambo kuti nanenso ndikufuna kuphunzira, anandidula: "Iwe, lipenga silidyetsa munthu. Maliza sukulu ukhale mphunzitsi."

Chaka chatha, ndikuwerenga mbiri ya chida chimenechi, ndinapeza dzina la Marcel Mule wa ku France. Nayenso bambo ake, ngakhale ankaliza saksofoni, anamukankhira ku uphunzitsi. Anaphunzitsadi ana miyezi yowerengeka asanalowe usilikali, ndipo mu 1923 anayamba kuliza m'bandi ya Garde Républicaine. Chimene chinandigwira mtima ndi ichi: kalasi ya saksofoni ku Paris Conservatoire, yomwe ankaphunzitsa Adolphe Sax, mwini kupanga chidachi, inatsekedwa mu 1870 n'kukhala chitsekere zaka 72. Mu 1942 Mule ndiye anaitsegulanso, naphunzitsa mpaka 1968. Uphunzitsi uja anaupezabe, koma saksofoni ili m'manja.

Bambo sindinawauzebe nkhaniyi. Adzangoti Paris si Domasi, ndipo sadzakhala akunama. Komabe patchuthi chapitachi ndinazemba kupita kwa malume. Anandinyowetsera kabango ka pakamwa pa chidacho n'kundipatsa. Nditauzira, panatuluka kulira ngati kwa mbuzi yomangidwa, mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo.

"Uziranso, mphwanga," anatero malume, "koma usafufumitse masaya."