Difu ikamadontha, musathamangire kuimba silu mlandu

Mwini galimoto akaona madontho akuda pansi, pakati pa matayala akumbuyo, amafika pagalaja atagamula kale mlandu: silu ya difu yatha, ingosinthani. Ine ntchito yanga ndi ya umakaniko wa galimoto zolemera, ndipo chigamulo chimenecho sindichilandira ndisanaone ndi maso anga, makamaka galimotoyo ikakhala motorhome yaikulu. Motorhome ndi galimoto imene mkati mwake muli bedi, khichini ndi bafa. Kwawo kwenikweni ndi ku America ndi ku Ulaya, ndipo kuno timaziona ndi alendo odutsa m'mbali mwa nyanja. Koma ukalowa kunsi kwake umapeza kuti ndi lole basi. Zikuluzikulu zambiri za ku America zimamangidwa pa chasisi ya Ford F53, Freightliner kapena Spartan, za ku Ulaya pa Iveco, MAN kapena Mercedes-Benz, ndipo ma ekiselo ambiri a za ku America ndi a Dana ndi Meritor, omwewo amene amanyamula malole ndi mabasi. Mfundo yanga ndi yakuti silu yodontha nthawi zambiri imakhala mboni chabe. Ikusonyeza kuti penapake pali chimene chikuikankha, kuigwedeza kapena kuidya, ndipo makaniko amene wasintha silu osachipeza chinthucho wangogulitsa kwa mwini galimoto miyezi yowerengeka ya mtendere.

M'difu muli magiya awiri amene amasenza ntchito yonse. Piniyoni imalandira mphamvu kuchokera ku propu shafti n'kuipereka ku giya lalikulu lozungulira, limene limayendetsa matayala. Piniyoniyo imakhala m'munsi pang'ono mwa pakati pa giya lalikululo, kotero mano ake akamalumana amatsetserekanso pa anzawo uku akufinyana mwamphamvu. N'chifukwa chake difu imafuna oyilo wa GL-5, monga 80W-90, 75W-90 kapena 75W-140, malinga ndi zimene wopanga ekiselo analemba. M'oyilo ameneyu muli mankhwala a sulufule, ndiwo amam'patsa fungo lija lobaya m'mphuno limene silichoka pa ovololo ngakhale uchape kawiri. Mulibe pampu m'madifu ambiri. Giya lalikulu limaviika m'oyilo n'kumuwaza paliponse, ndipo pa ekiselo yolemera oyilo yemweyo amayenda m'mipope ya ekiselo kukafika ku mabering'i a matayala. Choncho dontho lililonse lotuluka likuchepetsa chakudya cha magiya ndi cha mabering'i a mbali zonse ziwiri.

Motorhome imavutitsa masilu m'njira imene lole siichita. Lole ikatsitsa katundu imabwerera yopepuka, koma motorhome nyumba yake siitula. Matanki a madzi, jenereta, filiji ndi makabati zili pamsana pake tsiku lililonse. Chasisi ya F53 yokha imapangidwa kuti galimoto yonse ilemere mapaundi 16,000 mpaka 26,000, ndipo zambiri zimayenda zili pafupi ndi malirewo. Kenako imaima miyezi ingapo osagwedezeka. Ikaima choncho mlomo wa silu umauma n'kulimba, chinyezi chimagwira pachitsulo pamene mlomowo umakhudza, dzimbiri n'kuyamba. Tsiku limene mwini wake wailiza n'kuyamba ulendo wa makilomita mazana, mphira youma ija imakhula pa dzimbiri, difu ili yotentha ndi katundu.

Ntchito yoona imayamba ndi kutsuka. Oyilo amatsika, ndipo galimoto ikamathamanga mphepo imamukankhira kumbuyo, motero pamene akudonthera pansi sipakhala pamene akutulukira. Difu yokutidwa ndi matope a oyilo ndi fumbi siuza munthu chilichonse. Ndimaitsuka yonse, kuyambira pa piniyoni mpaka kuseri kwa matayala, ikauma ndimawaza paudala woyera m'malo okayikitsa, galimoto n'kukayenda mpaka itenthe. Pobwera, kamzere konyowa pa paudala kamalondolera kugwero kwake ngati mapazi a mbewa paphulusa. Malo ake ndi odziwika: silu ya piniyoni, gasiketi ya chivundikiro kapena pamene mutu wa difu umakumana ndi thupi la ekiselo, mapulagi othirira ndi okhuthulira, masilu a m'matayala, gasiketi ya shafti pa habu, ndi mng'alu pa malo owotcherera. Nthawi zina oyiloyo sakhala wa difu n'komwe. Pa motorhome ya dizilo imene injini yake ili kumbuyo, injini ndi giyabokosi zimayandikana kwambiri ndi ekiselo, ndipo mphuno ndiyo imasiyanitsa, poti oyilo wa injini alibe fungo la sulufule lija, ndipo wa giyabokosi ya otomatiki kawirikawiri amakhala wofiirira ndi wopepuka.

Ndisanagwire sipanala pa silu iliyonse, dzanja langa limapita pamwamba pa ekiselo, pa kachitsulo kotalika ngati chala chachikulu kamene timakatcha breather. Ndi mphuno ya difu. M'difu muli mpweya pamwamba pa oyilo, ndipo mpweya wotsekeredwa ukatenthedwa kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 90, mphamvu yake yokankha imakwera pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Breather ikakhala yotseguka mpweyawo umangotuluka. Ikatsekeka ndi matope, dzimbiri, penti kapena dothi la mavu omanga nyumba m'kapaipi pamene galimoto ili chiimire, mpweyawo umafuna njira ina, ndipo pofewa ndi pa silu. Silu anaipanga kuti izipukuta oyilo pachitsulo chozungulira, sanaipange kuti izilimbana ndi mpweya wokankha kuchokera mkati. Difu ikazizira zinthu zimatembenuka: imakoka mpweya, ndipo ngati mphuno ili yotseka imakokera pa silu pomwepo, limodzi ndi fumbi ndi madzi. Chizindikiro chake n'chosavuta. Ukamasula pulagi yothirira difu ikadali yotentha n'kumva psii, kapena ukapeza masilu awiri akudontha nthawi imodzi, breather ndiyo yoyamba kufunsidwa. Kapewa kake kamayenera kugwedera momasuka ukakagwira ndi zala. Kuichotsa, kuitsuka ndi kuuziramo mpweya sikutenga mphindi khumi, koma ndi ntchito imene imadumphidwa kuposa zonse, chifukwa ili pobisika ndipo pa risiti siioneka ngati ntchito. Pafupi ndi vuto limeneli pali la kuthira oyilo wambiri. Mlingo wake ndi m'munsi mwa bowo lothirira, galimoto itaima pamalo osapendekeka. Wopitirira pamenepo amachita thovu, amatentha, n'kutuluka pa breather ndi pa masilu.

Wina anganene kuti ndikukuza nkhani, silu ndi mphira ndipo mphira imatha yokha. N'zoona, ndipo pa galimoto ya zaka 15 kapena 20 nthawi zina palibenso china chofufuza. Koma zimenezi umazidziwa utayeza. Ukachotsa propu shafti umagwira yoko ya piniyoni, chitsulo chimene shaftiyo imamangidwapo, n'kuigwedeza m'mwamba ndi m'munsi, mkati ndi kunja. Sipayenera kukhala kugwedera kulikonse. Ikagwedera ndiye kuti mabering'i adyeka kapena nati yamasuka, ndipo silu yatsopano idzatafunidwa monga inatafunidwira yakale. Ukaichotsa yokoyo umayendetsa chikhadabo pamene mlomo wa silu unkakhala. Chikhadabo chikakodwa mu kamzere, mphira yofewa ija yakumba chitsulo pothandizidwa ndi fumbi, ndipo silu yatsopano ikakhala mu kamzere komweko idzadontha. Mankhwala ake ndi yoko yatsopano, kapena kachitsulo kopyapyala kovekera pamwamba, monga Speedi-Sleeve ya SKF. Zonsezi zikapezeka zili bwino, pamenepo ndimavomera kuti silu yafa ndi ukalamba.

Nati ya piniyoni ndi pamene madifu ambiri amaphedwera ndi anthu amene anabwera kudzawachiza. Natiyo imagwira yoko, komanso pa ma ekiselo ambiri ndiyo imasunga kufinyika koyenera kwa mabering'i a piniyoni. Pa ekiselo yopepuka pakati pa mabering'iwo pamakhala kachitsulo kamene kamaphwanyika pang'ono nati ikamangidwa, ndipo kakaphwanyika sikabwerera. Ukapitirira kumanga, mabering'i amafinyika kwambiri, amatentha n'kupsa, ndipo kumasula nati sikukonza kanthu. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Ukamanga mochepera, piniyoni imagwedera, mano amalumana molakwika, difu n'kuyamba kulira. Pa ekiselo yolemera pamakhala chitsulo cholimba kapena mashimu, nati n'kumangidwa ndi mphamvu yaikulu imene wopanga analemba, ndipo ambiri amafuna nati yatsopano. Amakaniko ena amati palibe chovuta, umangoika chizindikiro pa nati, kuwerenga mizere yoonekera, n'kubwezera pomwe inali. Njirayi imathandiza munthu ali kutchire, ndipo sindiinyoza. Kufooka kwake n'kwakuti imabwezera zinthu mmene zinalili, osafunsa ngati zinali bwino. Ngati nati yomasuka ndiyo inayambitsa kudontha, kuwerenga mizere kumabwezera matenda omwewo molondola. Woyeza mphamvu yozungulitsira piniyoni asanamasule ndi atamanga ndiye amadziwa zimene wasiya mkatimo. Mfuti ya mpweya yomangira manati siyeza chilichonse.

Kudontha kwa m'matayala ndiko kumandidetsa nkhawa kuposa konse, chifukwa sikuoneka msanga pansi. Oyilo amayamba walowa m'dilamu n'kunyowetsa mabuleki, ndipo pamene mizere yakuda ikuoneka mkati mwa tayala, buleki ya mbali imeneyo inasiya kale kugwira mokwanira. Galimoto ya matani khumi ikutsika phiri ndi buleki imodzi yoterera imakokera mbali. Nsapato za buleki zikamwa oyilo sizitsukika. Ukazipukuta ndi petulo zimaoneka zouma, zikatentha oyilo amatulukanso mkati mwake. Ziyenera kusinthidwa, ndipo mbali zonse ziwiri za ekiselo, kuti zigwire mofanana. Pobwezera habu, mabering'i a nati yochita kusintha amayezedwa ndi dial gauge, ndipo mpata wovomerezeka pa galimoto zolemera ndi mainchi 0.001 mpaka 0.005, kuchepa kwake ngati tsitsi la munthu. Habuyo imathiridwa oyilo isanatsekedwe, kenako ekiselo imapendeketsedwa mbali iyi ndi inayo kuti oyilo ayenderere ku mabering'i, mlingo n'kuonedwanso. Woiwala zimenezi amatulutsa galimoto ndi bering'i youma, imene ingapse oyilo wa m'difu asanaifikire.

Eni galimoto ali ndi zifukwa zawo zozengerezera, ndipo ndimazimvetsa poti ndalama ndi zawo. Ena amati azingowonjezera oyilo. Chitsulo chongonyowa, chogwira fumbi koma chosadontha, chikhoza kudikira ngati breather ili yotseguka ndipo mlingo ukuyang'anidwa. Koma difu ilibe geji pa dashibodi. Kuti uone mlingo uyenera kugona pansi ndi kumasula pulagi, ndipo munthu amene ali paulendo ndi banja lake sachita zimenezi m'mawa uliwonse. Mawu oyamba amene difu youma imalankhula ndi kulira kwa magiya, ndipo ikafika polira mano adyeka kale. Ena amathira mankhwala otseka kudontha. Mankhwalawo amatupitsa mphira, ndipo silu youma pang'ono ikhoza kuleka kudontha kwa kanthawi, koma sadzaza kamzere ka pa yoko, samanga bering'i, satsegula breather. Enanso amapaka silikoni wambiri pa chivundikiro poganiza kuti kuchuluka ndiko kulimba. Wotsalira amafinyikira mkati, amaduka, n'kukatseka tinjira ta oyilo. Kamzere kamodzi kosadukiza pachitsulo choyera ndi chouma n'kokwanira. Nanga mtengo wa kufufuza konseku? Ndi ola limodzi kapena awiri a makaniko, pamene magiya atsopano a ekiselo ya Dana kapena Meritor ndi ndalama zambiri, ndipo kwa mlendo amene ali kutali ndi kwawo ndi masabata odikira katundu wochokera kunja.

Oyilo wokhuthulidwa nayenso ndi mboni, ndipo sindimutaya ndisanamuone. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Maginito a pa pulagi akagwira phala lotuwa losalala, ndi kudyeka wamba. Akagwira tizidutswa tobaya chala, kusintha silu kokha n'kuwononga ndalama, difu iyenera kutsegulidwa.

Ndili ndi pempho kwa aliyense wolowa kunsi kwa motorhome, kaya ndi makaniko kaya mwini wake. Majeke a haidiroliki amene galimotoyi imabwera nawo ndi owongolera nyumba kuti isapendekeke pogona, si osenzera munthu ali pansi. Galimoto ya masipuling'i a mpweya ikhoza kutsika mwadzidzidzi mpweya ukathawa. Ndipo ukachotsa propu shafti, giya loimikira la P siligwiranso matayala, ndipo pa chasisi zina, monga za Workhorse zokhala ndi buleki yoimikira pa shaftipo, bulekiyo imachokera limodzi. Ikani miyala kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, chasisi ikhale pa masitandi okwana kulemera kwake, kenako yambani ndi breather.