Masiku Anayi a Bata M'tsinde mwa Phiri la Zomba

Zomba ndi mzinda wosafulumira. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, phokoso lambiri linapita nalo limodzi, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo atasiya kukumanirako, kumtunda kwa mzindawu kunatsala zii. Kumunsi, kumene kuli msika ndi depoti, kumakhala piringupiringu ngati m'matauni ena onse. Koma mukayamba kukwera chitunda kulowera kuphiri, mumapeza nyumba zakale za njerwa zamakonde aatali, mitengo ikuluikulu yophimba msewu, ndi mphepo yozizirira yotsika m'phirimo.

Eni ena a nyumba zimenezi anazigawa pawiri kapena patatu n'kumabwereketsa kwa alendo a masiku ochepa. Si hotela ndipo si resitihausi. Amakupatsani makiyi a fulati yanuyanu: chipinda chogona, pabalaza, bafa ndi kakhitchini kokhala ndi mapoto, mbale ndi mthiko. Mumadziphikira nokha, mumadziyalira nokha, ndipo palibe wogogoda pachitseko. Ine ndi bambo a kunyumba tinakhala mu fulati yotere kwa masiku anayi m'mwezi wa Julaye. Inali ndi lamulo limodzi limene linandivuta kulimeza: imalandira akuluakulu okha.

Nyumba yokana ana?

Kwathu kuno nyumba yopanda phokoso la ana timaimvera chisoni. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye mawu akuti "ana saloledwa" amamveka ankhanza. Ena akamva kuti malo ndi a akuluakulu okha amaganiza zina, poti mbiri ya malo ena ogona alendo tonse timaidziwa. Choncho titangofika ndinafunsa mayi eni nyumba, amene ndi agogo a zidzukulu zingapo.

"Mayi, chifukwa chiyani simulola ana?"

Anaseka n'kundilozera masitepe a miyala otsikira kudimba. Anali otsetsereka, a ndere, opanda pogwira. Kenako anati: "Icho ndi chifukwa choyamba. Chachiwiri ndi anthu amene amabwera kuno. Amabwera anamwino otopa ndi ntchito ya usiku, aphunzitsi odzachonga mapepala, munthu wongotuluka kumene m'chipatala, mayi amene wangoika mwamuna wake. Amenewa amalipira tulo, mwanangu. Ndikawalonjeza bata, ndiyenera kuwapatsa."

Malamulo ena anali omwewo: palibe phwando, palibe wailesi yokweza ikakwana 9 koloko usiku, palibe mlendo wogona amene sanalembedwe m'buku. Ndinaona kuti nyumbayi sinkadana ndi ana. Inkangosamalira anthu amene masiku ena onse amasamalira anzawo.

Ife tinali m'gulu lomwelo. Pakhomo pathu timagona anthu asanu ndi anayi: ana athu, ana awiri a malemu mlamu wanga, ndi apongozi amene amafuna kuwathandiza podzuka usiku. Pa zaka 19 za ukwati wathu, sitinagonepo ndi usiku umodzi womwe wopanda wina woti timumvetsere. Chaka chino bambo anawapeza ndi BP yokwera, ndipo ankadzuka cha m'ma 3 koloko usiku n'kukhala m'mphepete mwa bedi osanena kanthu. Ine amene ndimayeza anthu BP pa masiku a zaumoyo kutchalitchi ndinkadziwa tanthauzo la manambala opitirira 140/90. Chimene sindinkadziwa n'chimene chinkawadzutsa.

Tinasunga ndalama pang'onopang'ono kwa miyezi isanu, ndipo mng'ono wanga anavomera kudzakhala ndi banja lonse. Tikutsanzika, mwana wathu womaliza anagwira chikwama changa n'kufunsa kuti, "Amama, takulakwirani chiyani?" Ndinagwada n'kumuuza kuti palibe walakwa, koma kuti khasu nalo amaligoneka pamthunzi kuti mawa lilimenso. Sindikhulupirira kuti anamvetsa, koma anasiya chikwamacho.

Usiku woyamba

Kuchokera ku Limbe kukafika ku Zomba ndi mtunda wa makilomita oposa 60 pa msewu wa M3, kudzera pa Namadzi ndi Thondwe. Tinanyamuka Lachitatu m'mawa pa minibasi ndipo tinayamba talowa mumsika. Msika wa Zomba ndi wodala ndi ndiwo zamasamba. Tinagula mpiru, tomato, anyezi, nyemba, nsinjiro, mbatata, nthochi, manachesi, ndi mpunga wolimidwa m'madambo a nyanja ya Chilwa. Ufa tinali titanyamula wa kunyumba.

Bata lili ndi msambo wake: limayamba lakuopsezani. Titatha kudya madzulo tinakhala pabalaza n'kuyang'anana ngati alendo. Panalibe mwana wolimbirana rimoti, panalibe njinga yamoto, panalibe zoimbira za pabala zimene kwathu zimalira mpaka tambala woyamba. Khutu linkangofunafuna. Patapita kanthawi tinayamba kumva zimene zinalipo: madzi a kamtsinje kuseri kwa mpanda, mphepo m'nsonga za mitengo, kadzidzi kutali, ndi mapazi a alonda akuzungulira nyumba.

Usiku umenewo bambo anadzukabe nthawi yawo ija. Thupi lozolowera kudzidzimuka silikhulupirira msanga kuti palibe woitana. Koma Lachinayi sitinapite kulikonse. Tinaothera dzuwa pakhonde, tinazimitsa mafoni n'kumawayatsa kamodzi madzulo kuti timve za ana, ndipo usiku wachiwiriwo anagona kuyambira 9 koloko mpaka kutayera. Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola asachepere asanu ndi awiri. Akamagona modukizaduka, thupi silipeza mpata wotsitsa kuthamanga kwa magazi monga limachitira usiku, ndipo phokoso limasokoneza tulo ngakhale munthuyo asadzuke n'komwe. Izi ndazinena kwa anthu ambiri, koma kuno ndinaziona pankhope ya mwamuna wanga.

Poto wako ndi mthiko wako

Ubwino waukulu wa fulati yodziphikira ndi kakhitchini kaja. Amene timasankha zakudya timadziwa mavuto a kudya paulendo: kufunsa ngati nsomba ili ndi mamba, ngati nyemba anaziphika ndi nyama yanji, ngati chiwaya chomwecho anakazingiramo zina. Apa funso linalibe malo. M'mawa tinkadya phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi nthochi, masana nsima ya nyemba ndi mpiru wotendera, madzulo kambatata kophika ndi manachesi. Mchere ndinkauyeza ndekha. Munthu sayenera kupitirira magalamu asanu patsiku, kutanthauza kasipuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuwerengera ndi umene uli kale mu buledi ndi zina zogula. Kudziphikira kunachepetsanso mtengo wa ulendo wonse, pakuti chakudya cha masiku anayi sichinasiyane ndi chimene tikanadya kunyumba.

Julaye ku Zomba amazizira, makamaka chiperoni chikagwa. Nkhungu imatsika m'phiri n'kubisa ngakhale mtengo wa pabwalo. Magetsi atazima tsiku lina, alonda anatibwereka mbaula, koma anatsindika kuti ikhale pakhonde. Ananena zoona. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo anthu amafera kutulo. Tinaphikira panja, n'kulowa kukafunda mabulangete awiri m'kati mwa neti. Kuzizira kusakunamizeni, malungo ku Zomba aliko.

Pamwamba pa phiri

Lachisanu m'mawa kunacha bwino ndipo tinachita hayala galimoto kukwera phiri. Msewu wake ndi wokhotakhota, ndipo m'mphepete mwake anyamata amagulitsa masitirobere, mabulosi ndi magalagadeya m'timbale. Pamwamba pake ndi ngati mbale yaikulu yozunguliridwa ndi nsonga, ndipo yaitali koposa, ya Malumbe, imapitirira mamita 2,000. Pakati pali damu la Mulunguzi, kumene kumachokera madzi amene anthu a mumzinda amamwa. Madzi ake ali phee, ndipo mitengo ya paini imaonekeramo chadodolido.

Tinatenga mnyamata wolondolera alendo, ndipo n'chinthu chanzeru kutero chifukwa tinjira ta m'nkhalango timafanana. Anatifikitsa pa mathithi a Williams, pamene madzi amatsika pa miyala ngati pa masitepe, kenako pa malo otchedwa Emperor's View, okumbukira Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inacheza m'dziko muno mu 1965. Mukaima pamenepo mzinda wonse uli pansi pa mapazi anu. Kutsogolo kuli chigwa chachikulu, nyanja ya Chilwa ikunyezimira ndi chilumba chake cha Chisi, ndipo chakummwera phiri la Mulanje laima ngati khoma. Chilwa ndi nyanja yosazama, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikavuta imaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995.

Si zonse zimene tinaona zinali zokoma. Malo ena amene kale kunali nkhalango kwatsala zitsa ndi phulusa la moto wolusa. Potsika tinapitirira amayi atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, ndi abambo akukankha njinga zolemedwa ndi zipika, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira. Phiri limene kwa ife linali mpumulo, kwa iwo ndi munda wa tsiku ndi tsiku. Mlendo woganiza bwino amalipira womulondolera mosanyinyirika, amagula zipatso popanda kunenerera mpaka kumupweteka wogulitsa, ndipo sasiya pepala kapena botolo pafupi ndi madzi amene ena akamwe kumunsi.

Tinabwerera masana kuti tiphikiretu, poti m'nyengo imeneyi dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko, ndipo kutsinde kwa phiri mdima umafika msanga.

Zimene bata linatulutsa

Pa Sabata masana, titabwerako kotamanda, tinakhala pakhonde tikuonerera apusi akudumpha m'mitengo. Tinakhala nthawi yaitali osayankhulana, koma tsopano kunali kukhala chete kwa anthu odziwana. Ndipo bambo anayamba okha.

"Mayi, pali nkhani imene ndakhala ndikuisenza ndekha."

Anandiuza kuti chaka chatha, fizi ya ana awiri a ku sekondale itavuta, anakatenga katapila. Chiwongola dzanja chinkakwera mwezi ndi mwezi, ndipo zimene ankabweza zinkangothera ku chiwongola dzanjacho. Ankaopa kundiuza chifukwa ana enawo ndi a mbale wawo, ndipo sanafune kuti ndiziwaona ngati mtolo. Kunyumba akafuna kuyamba nkhaniyi, wina ankalowa kudzapempha sopo, wina kudzanena za homuweki, mpaka mawu ankabwerera kukhosi.

Sindinayankhe msanga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limenelo nthawi yodekha inalipo. Ndinangoti, "Bambo, ana aja ndi athu tonse, ndiye ngongoleyo ndi yathunso tonse." Za manambala tinazisiya mpaka dzuwa litalowa. Madzulo ake tinatenga pepala n'kulemba zonse: zimene zatsala, mbuzi ziwiri zimene tingagulitse, ndi ndalama zimene ndimayembekezera ku banki m'khonde. Ngongole sinathe usiku umenewo, koma inasanduka chinthu chooneka kukula kwake, chokhala ndi mwezi wothera.

Masiku anayi sachiritsa BP. Bambo akumwabe mankhwala awo tsiku lililonse ndipo akupitabe kukayezetsa. Chimene ulendowu unachita n'kutipatsa malo amene chiganizo chikhoza kuyamba n'kufika kumapeto popanda wochidula.

Ngati mukufuna kupita

Musanatumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kwa munthu amene mwangomuona pa Facebook, pemphani wachibale kapena mnzanu wa kuderalo akaione nyumbayo ndi maso. Funsani ngati mtengo ukuphatikiza magetsi, zofunda ndi ziwiya, ngati pali neti ndi alonda, ndiponso ngati pafupi pali bala kapena holo ya maukwati, chifukwa nyumba ikhoza kukhala ya bata koma oyandikana nayo ayi. Funsaninso chimene eni ake akutanthauza akati "akuluakulu okha". Pakati pa sabata malo ambiri sadzaza, ndipo kukambirana mtengo kumakhala kosavuta. Nyamulani mankhwala anu, juzi, tochi ndi nsapato zosaterera. Ana asiyeni ndi munthu amene amamudziwa ndi kumukhulupirira, muwauze tsiku lobwerera, ndipo mulisunge.

Si banja lililonse lingakwanitse kulipira fulati, ndipo palibe chifukwa chotengera ngongole kuti mukapume. Mabanja awiri akhoza kugwirizana: mwezi uno ana onse akagone kwa awa, mwezi wamawa kwa awo. Wachibale amene wapita kumudzi akhoza kukusiyirani makiyi a nyumba yake kwa masiku awiri. Chofunika ndi chitseko chotseka, foni yozimitsa, ndi nthawi yokwanira kuti usiku woyamba wovuta uja udutse. Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene amadzuka pakati pa usiku n'kukhala chete m'mphepete mwa bedi, yambani lero kufunsa amene angakusungireni ana.