Utsi ukasowa, imitsani kagalimoto

Kompyuta ikavuta kuntchito ndimangoizimitsa n'kuiyatsanso. Injini ya kagalimoto ka nitro ilibe zimenezo, imafuna khutu ndi maso. Mafuta ake ndi methanol, nitromethane ndi oyilo zosakaniza, ndiye mukachepetsa mafuta pa kabuleta mwachepetsanso oyilo. Kamathamangadi mwakanthawi, kenako injini ija yapsa, ndalama zapita.

Kuno ku Johannesburg tili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750, ndipo mpweya ndi wopepuka, choncho singano ya kabuleta timaitsekako pang'ono. Tikatsikira ku Durban timaitsegulako tisanalize injini.

Mwana wanga amangofuna liwiro basi. Ndimamuuza kuti, "Iwe, potokola pang'onopang'ono, uziona utsi wabuluu kakamatuluka pakona." Akadzaphunzira kudekha, rimoti ndidzamusiyira pa mpikisano.